Theka la Tsamba la Seveni

M'nyumba ya bambo Mwafulirwa ku Area 14, nyuzipepala zakale ndi zanga. Lamulolo anaika ndi malemu akazi awo chaka chimene ndinayamba ntchito, ndipo palibe analisinthapo. Bambo akamaliza kuwerenga, nyuzi imapita pamulu m'kachipinda kakuseri kwa khitchini. Mulu ukafika m'mawondo ndimaumanga ndi kansalu, n'kukaugulitsa kwa a Shukuru kumsika waukulu. Ndachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Lolemba lija ndinachitanso chimodzimodzi. Pamwamba pa mulu panali dikishonale yaikulu. Ndinaipukuta fumbi, ndinaibwezera pashelefu, uku ndikung'ung'udza kuti nkhalamba imangosiya zinthu paliponse.

Lachinayi m'mawa, ndikuwathirira tiyi, bambo anati, "Evelesi, mvula ya Lamlungu ija inalowa m'chipinda cha alendo. Bokosi la adada linanyowa pamwamba."

"Osandiuza bwanji, bambo?"

"Munali kutchalitchi kwanu. Ndinathana nazo ndekha." Anakweza dzanja lamanzere, lomwe linatsala ndi mphamvu atadwala sitiroko, ngati akufuna ndiwaombere m'manja. "Ananyowa ndi masamba naini a sakisofoni. Ndinawalowetsa m'kati mwa nyuzi, limodzilimodzi, kuti zimwe chinyezi, n'kutsindira ndi dikishonale. Pano auma basi. Muwatulutse, muwayale patebulo. Rejoice afika cha m'ma fili."

Tiyi sanatayike. Ndinatsiriza kuthira, ndinaika shuga masupuni awiri, ndinati, "Chabwino, bambo."

Adada amene ankanenawo ndi bambo awo, malemu a Peterson. Iwowa anapita ku Joni ali mnyamata kukagwira m'migodi. Anzawo ankabwerako ndi njinga kapena makina osokera, iwo anabwerako ndi sakisofoni, lipenga lokhota ngati paipi ya pansi pa sinki. Amati ankaliimba m'maholo a dansi kalekale dziko lisanadzilamulire, ndipo anthu ankasiya kuvina n'kumayang'ana zala zawo. Palibe amene anawajambula mawu. Chimene chinatsala ndi nyimbo imodzi yaitali imene analemba ndi dzanja lawo, chida chilichonse masamba akeake: malipenga awiri, piyano, besi, ng'oma, ndi sakisofoni. Si kalembedwe ka do-re-mi kathu ka kukwaya. Ndi mizera ya mawaya asanuasanu yodzaza timadontho ta michira, ndipo pakona pa tsamba lililonse pali nambala ya pensulo yofiira.

Kope lina kulibe. Rejoice, mwana wa bambo amene amaimba sakisofoni m'gulu la jazi ku Blantyre, anapempha zaka zisanu kuti angojambula ndi foni. Bambo ankati, "Adada salowa m'foni ya munthu." Za fotokope ankati makina ake amaotcha pepala. Chaka chino, poti a Peterson akanakwanitsa zaka handiredi, analola kuti Rejoice abwere, akopere ndi dzanja patebulo lam'nyumba, kenako aimbe ndi gulu lake Loweruka masana muholo ina ku City Centre. Makadi oitanira anthu anali atapita kale mpaka ku Karonga.

Eyiti koloko galimoto inabwera kudzawatenga kupita ku mafizo a kuchipatala. Itangotuluka pageti ndinathamangira kukachipinda kaja, ngakhale ndinkadziwa. Pasimenti panali nyuzi zitatu za sabata ino ndi chidindo cha fumbi pamene panali mulu. Ndinakiya nyumba epuloni ili m'chiuno.

Minibasi inaima pasiteji mphindi makumi awiri kudikira anthu awiri. Ndinakhala pafupi ndi chitseko, phazi likugunda pansi lokha. Masiku atatu kumsika ndi ambiri. Pepala likalowa mumsika uja m'mawa, madzulo limakhala litakulunga usipa, litapita ku Kawale, litasonkhera moto.

A Shukuru ndinawapeza kuseri kwa sikelo yawo, pakati pa mitolo ya mapepala ndi makatoni.

"Achemwali, Lolemba lomweli munali pano, lero mwabweranso? Abwana anu ayamba kuwerenga nyuzi ziwiri patsiku?"

"Mtolo wanga uja uli kuti?"

"Wanu? Si munagulitsa?"

"Achimwene, lero sindikuseka. Womanga ndi kansalu kachikasu."

Anandiyang'ana kumaso, nthabwala inawathera. Anagubuduza mitolo iwiri, wanga unali pansi, womasula, utatsala theka. Ndinagwada pamatope pomwepo ndi kuyamba kukutumula nyuzi imodziimodzi. Yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Yachisanu ndi chimodzi inalavula pepala lolimba, lachikasu ngati dzino. Nambala yofiira: wani. Ndinaliluma pakona kuti manja apitirize kufufuza. Ndinapeza thu. Pafupi ndi pansi ndinapeza faifi. Ndinabwereza mulu wonse kachiwiri. Atatu basi.

"Ndi za kubanki?" anafunsa a Shukuru.

"Ndi nyimbo."

Anatenga tsamba limodzi, analitembenuza chadodolido. "Nyimbo yopanda mawu? Awa ndi ambululu akhala pawaya."

"Theka linalo anatenga ndani?"

Anakanda pansi pa chipewa. Iwo salemba maina, amangokumbukira nkhope. Lachiwiri panabwera anthu ambiri. Ndinaima pamaso pawo osaphethira mpaka anakumbukira awiri: a Zubair a misomali, ndi mayi Tabitha a mandasi a pageti la depoti.

"Mwina panalinso wachitatu," anawonjezera.

"Musanene zimenezo."

"Ndiye panalibe."

Kumzere wa zitsulo anthu anali thithithi. Ndinadutsa pakati pa mawilibala ndi zitini za penti, masamba atatu aja ndili nawo pachifuwa m'kati mwa bulauzi. A Zubair ndi munthu wamfupi wa ndevu zoyera, wosakonda kuyankhula ndi munthu amene sakugula. Nditawaonetsa tsamba anangoloza ndi chibwano pansi pa sikelo yawo.

"Pepala labwino limenelo. Msomali suboola. Mukakhala nawo ena mubweretse."

Pansi pa sikelo panali fili ndi naini, osapindika n'komwe. Ndinafunsa ngati analipo ena.

"Analipo awiri. Ndinamangira."

Pashelefu kumbuyo kwawo panali timitolo ta misomali tokulungakulunga, makumi angapo, tonse tofanana. Sindinapemphe. Ndinazungulira kauntala ndi kuyamba kutitembenuza kamodzikamodzi.

"Mayi, muno salowamo anthu."

"Ndalowa kale."

Kamtolo kena kanali ndi mawaya asanu kunja kwake. Ndinakakhuthulira pakauntala, misomali inamwazika mpaka pansi. Folo. Kena kanali kumapeto kwenikweni, pansi pa anzake. Sikisi. A Zubair anali akuitana oyandikana nawo kuti adzaone mzimayi wopenga. Ndinatola misomali yawo yonse, ndinaikulunga mu nyuzi wamba bwino kuposa mmene anakulungira iwo, ndinaibwezera. Koma nditawongola masamba awiriwo pabondo, ndinaona kuti a Zubair sananene zoona. Msomali unaboola ndithu, malo angapo. Choipa kwambiri linali dzimbiri. Linasiya timadontho takuda pamawaya penipeni, ndipo ine sindinkatha kusiyanitsa dontho la a Peterson ndi dontho la msomali.

Ndinawerenga: wani, thu, fili, folo, faifi, sikisi, naini. Kunatsala seveni ndi eyiti. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa masana. Mitambo ya kumbali ya Area 36 inali itada.

Pageti la depoti mayi Tabitha panalibe. Wogulitsa nthochi anati alowa m'kati kukagulitsa pamawindo a mabasi. Ndinalowa. Ndinayenda mzere wa mabasi a ku Mchinji, wa ku Salima, wa ku Dedza, oitanira akundikoka mkono aliyense kufuna ndikwere yake. Azimayi a ndowa pamutu analipo oposa khumi, ndipo ine nkhope ya mayi Tabitha sindinkaidziwa. Ndinkangofunsa, "Ndinu a Tabitha?" Wachisanu ndi chiwiri anati, "Ndalakwa chiyani?"

Tinakhala pakhonde la sitolo ina. Ndinawaonetsa tsamba. Iwo anatula ndowa, anayamba kutulutsa mandasi kuwaika pachivundikiro. Pansi pa ndowa anayalapo pepala lolimba kuti lizimwa mafuta. Ndinalimatula pang'onopang'ono ndi zikhadabo. Linali litamwa mafuta mpaka kuoneka mbali zonse ngati galasi, koma inki inalipo. Eyiti.

"Linalipo lina," ndinatero.

"Lina ndinang'amba. Anayi."

Mapepala okulungira amawabaya pakawaya kopachika kumbali ya ndowa. Ndinawasolola onse. Pakati pa nkhani za mpira ndi zamaliro ndinapeza kachidutswa ka nambala yofiira, seveni, kenako kanzake. Nditatilumikiza tinakwana theka lakumtunda. Ndinasanthula kawiri, katatu. Theka lakumunsi panalibe.

"Munakulungira ndani?"

"Asisi, ndizilemba maina a anthu ogula mandasi?"

"Linali liti? Dzulo? Lero?"

"Lachiwiri kapena dzulo. Munthu amagula pawindo, basi imanyamuka, akadya amataya panjira. Pano lili ku Namitete kapena ku Nathenje, mbuzi inadya."

Ndinadziwa kuti akunena zoona, komabe ndinazungulira depoti yonse nditawerama. Ndinatola kapepala kalikonse ka mafuta, pansi pa mabasi, m'ngalande, pamulu wa zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Oitanira ankaseka. Wina anati, "Amayi ataya tikiti ya kumwamba." Ndinapitiriza kutola. Madontho oyamba a mvula atandigunda pakhosi ndinasiya. Ndinapempha jumbo kwa wa nthochi uja, ndinakulunga masambawo, ndinawabwezera pachifuwa.

Mu minibasi yobwerera ndinaganiza zonama. Ndikanati makoswe. Ndikanati madzi aja anadya theka la tsamba iwo osaona. Koma khoswe sakazinga mandasi. Ndinaganizanso za ntchito, kuti mzimayi wa zaka fote sikisi wochotsedwa ku Area 14 amakagogoda pageti la ndani. Koma chimene chinkandibwerera kwambiri chinali china: nkhalamba ija Lamlungu, ili yokha m'nyumba, ikutsegula nyuzi ndi dzanja limodzi kasanu ndi kanayi.

Ndinafika itangodutsa thu koloko. Geti linali lotsegula. Rejoice anali atafika msanga, chikwama cha sakisofoni yake chili pakhomo. Ndinawapeza awiriwo ataima pachitseko cha kachipinda kaja, akuyang'ana simenti.

"Evelesi," anatero bambo osatembenuka, "nyuzi zili kuti?"

"Ndinagulitsa Lolemba, bambo. Monga mwa masiku onse. Tiyeni kutebulo."

Ndinayala masambawo motsatana. Fungo la mafuta linadzaza chipinda chodyera. Bambo anakhala pansi movutikira. Anagwira tsamba lililonse ndi chala, milomo ikuwerenga. Pa folo anaima pamabowo a misomali. Pa seveni chala chinatsika pazidutswa ziwiri zija, chinapitirira, chinakagunda thabwa la tebulo. Anachisiya pomwepo.

Ndinafotokoza zonse, a Shukuru, misomali, ndowa. Palibe anandidula.

"Dadi, ndinakuuzani kangati kuti tijambule?" anatero Rejoice motsitsa mawu.

"Ndipo ine ndinanena kangati kuti zinthu za adada asamazigwire?"

"Kusayang'ana ndinalakwa ndine," ndinatero. "Koma inunso bambo, munthu sasunga chuma padzala osauza wosesa."

Anandiyang'ana. Mbali ya nkhope yawo imene imagwira ntchito inanjenjemera. Ndinaganiza kuti mawu otsatira akhala akuti nditenge katundu wanga. M'malo mwake anabwezera maso pathabwa lija.

Rejoice anatulutsa m'bokosi masamba a zida zina, anawayala pambali, akufufuza ndi chala. "Mwina piyano ikutsatira nyimbo pamenepa. Kapena lipenga." Anatembenuza, anabwerera. Kenako anakhala pansi. "Onse ali chete. Agogo anawaletsa onse, anasiya ng'oma yokha. Pamenepa ndi pamene ankaimba okha."

"Mizera inayi," anatero bambo. "Ndi imene anthu ankasiyira kuvina."

"Simungaikumbukire, dadi? Mwaiyang'ana moyo wanu wonse."

Anatseka maso. "Ndikuona kuti panali pakuda bii. Timadontho tothinana. Koma kuti kanayamba ndi kati, chidwalireni m'mutu muno mulibe."

Apa ndi pamene ndinayankhula. Asanadwale, bambo ankaimba nyimbo imeneyi pa sakisofoni ya a Peterson tsiku lililonse folo koloko akaweruka ku Capital Hill, ndipo atapuma pantchito ankaiimba kawiri patsiku. Folo koloko ndi nthawi yanga yosita. Chipinda chositira chagundana ndi chawo. Zaka naini ndinasita malaya ndi nyimbo imeneyo, mpaka ndinkaipeza ili m'kamwa mwanga ndikuyenda kupita kwathu ku Mtandire.

"Ambululu anuwa sindiwadziwa," ndinatero, "koma nyimboyi ndimaidziwa."

Rejoice anakoka tsamba loyamba. "Tayambani, anti. Kuyambira pachiyambi, ndione."

Ndinaimba ndi mawu anga a alito a kukwaya, ta-ra-ra basi, nditaima ndi epuloni yamatope. Chala cha Rejoice chinkayenda pamawaya. Pothera pa tsamba lachiwiri anadzutsa mutu kuyang'ana bambo ake, kenako anabwerera. Pa folo anandiimitsa.

"Bwerezani apa." Ndinabwereza. Anatenga pensulo, anazunguliza kadontho kamodzi mopepuka. "Ili ndi dzimbiri. Pitirizani."

Tinachotsa madontho a dzimbiri asanu mwa njira imeneyo. Tinadutsa faifi, tinadutsa sikisi. Tinafika pa seveni. Chala cha Rejoice chinafika pong'ambika, anasolola pepala loyera la mawaya m'chikwama chake, anati, "Pang'onopang'ono tsopano." Ndinaimba, iye akulemba. Anandibwezera katatu. Mzera woyamba mwa inayi ija unadzaza. Ndinakoka mpweya, ndinakwera timawu titatu tothamanga, kenako ndinamva pakamwa panga patabwerera pachiyambi pa mzera womwe uja.

"Ayi, anti, mwabwerera. Pitirirani kutsogolo."

Ndinayesanso. Timawu titatu, n'kubwerera. Ndinayesa kachitatu nditatseka maso, dzanja likusita m'malere. Chimodzimodzi. Ndipo ndinazindikira chifukwa chake.

"Kutsogolo kulibe," ndinatero. "Apa bambo ankaima. Ankatsokomola, ankabwerera, ankayesanso kawiri, kenako ankalumphira pamene pali tsamba la eyiti."

Rejoice anatembenukira kwa bambo ake. Iwo ankayang'ana thabwa lija.

"Zaka makumi anayi," anatero, "sindinapadutsepo. Zala za adada zinali zina."

Mvula inali ikugunda malata a galaja. Rejoice anayang'ana mizera itatu yopanda kanthu papepala lake. Anati akhoza kupekapo zake zofanana ndi kaimbidwe ka agogo, palibe angadziwe.

"Ine ndidziwa," anatero bambo. "Usaikepo kanthu."

Kenako Rejoice anatulutsa foni, anaimirira, anayamba kujambula tsamba lililonse, kuyambira la mafuta lija. Ankajambula akuyang'ana bambo ake m'mbali mwa diso. Bambo anaona. Anatembenuzira nkhope kuwindo.

"Evelesi," anatero, "tiyi wa folo koloko wachedwa."

Lachisanu sanandiyankhule kupatula za chakudya. Loweruka m'mawa ndinasita suti yawo yakuda, ndinawamangira tayi. Pokwera galimoto anati, "Mukuimiranji? Kavuleni epuloniyo." Ndinakhala kumbuyo kwa holo, pafupi ndi chitseko.

Anthu anadzaza, ambiri aimvi, Chitumbuka chili ponseponse. Gulu linayamba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva nyimbo yanga yositira ili ndi anzake onse, malipenga akuyankha, besi ikuyenda pansi. Sindinasangalale nayo. Ndinkangowerenga masamba m'mutu. Faifi. Sikisi. Seveni. Zida zonse zinakhala chete, Rejoice anatsala yekha ndi wa ng'oma. Anaimba theka lakumtunda, anaimba mzera umene ndinamupatsa, anakwera timawu titatu tija. Kenako anachotsa sakisofoni pakamwa, anaigwira pachifuwa, anaima.

Ng'oma inapitiriza yokha. Ndinawerenga kugunda kwake, kunakwana fote eyiti. Munthu wina anatsokomola. Mayi amene anakhala patsogolo panga ananong'oneza mwamuna wake kuti akale ankadziwa kulemba, tamvani mmene apumira. Rejoice atabwezera chida pakamwa n'kulowa tsamba la eyiti, holo yonse inaomba m'manja. Bambo Mwafulirwa, pamzere woyamba, sanaombe. Mwina chifukwa dzanja ndi limodzi.

Mulu wa nyuzi unafikanso m'mawondo patatha milungu isanu. Ndinausiya masiku awiri osaukhudza, kudikira ngati lamulo lasintha. Tsiku lachitatu bambo anadutsa pakhitchini ndi ndodo yawo, anasuzumira m'kachipindamo.

"Izi zikudikira ndani?"

Ndinakoka mpando, ndinakhala, ndinayamba kutsegula nyuzi iliyonse tsamba ndi tsamba ndisanaimange. Iwo anaima pachitseko mpaka ndinamaliza.